Mutu 6: Khadi Limodzi, Mimba Ziwiri

1. Lero ndine ndani?

Howard anayamba kudwala m'mimba Lachiwiri masana. Pofika Lachinayi m'mawa sankathanso kuongoka. Ankayenda chowerama, dzanja lili pamimba, ngati munthu amene akufunafuna tambala yogwera mumchenga.

Chimene chinawaopsa amayi ake, a Enelesi, sikunali kusanzako. Chinali chakuti mnyamatayo anakana mutu wa kampango. Pa zaka zake zonse khumi ndi chimodzi, Howard anali asanakanepo mutu wa nsomba iliyonse.

"Dinala, katenge makhadi," anatero amayiwo. "Uyu tipite naye ku mishoni basi."

Dinala anali mwana woyamba wa a Simioni Chiutula, makaniko wa mainjini a maboti pa kampani ina yopha nsomba kufupi ndi Nkopola. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwezi wa Ogasiti umenewo, m'chaka cha 1988, anali kunyumba pa tchuthi atangomaliza Fomu 3 kusukulu yogonera komweko.

Analowa m'chipinda n'kutsegula buku la mapemphero la abambo ake, momwe munkakhala makhadi. Ena anali a chipani, amene munthu sankakwera basi kapena kulowa mumsika asanawaonetse. Limodzi linali lobiriwira, la sikimu ya chipatala ya kukampani. Munthu akaonetsa limeneli ku chipatala cha mishoni, sankalipira kanthu.

Howard anatukula mutu pamphasa.

"Achemwali, lero ndine ndani?"

"Lero ndiwe Howard weniweni," anayankha Dinala. "Usaiwale."

Mnyamatayo anafuna kuseka, koma kusekako kunamupweteka.

2. Masamu a Dinala

Funso limenelo ana onse a pabanjapo ankalidziwa, ndipo amene analiyambitsa anali Dinala yemweyo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, kampani inabweretsa sikimuyi. Wantchito ndi mkazi wake ankadulidwa K4 pamwezi. Mwana aliyense wolembedwa pakhadi ankaonjezera K1.50. A Chiutula ankalandira K80 pamwezi, ndipo anali ndi ana anayi: Dinala, Keti, Howard ndi Lusiya.

Anabwera ndi fomu kunyumba n'kuiika patsogolo pa Dinala, poti ndiye ankakhoza masamu.

"Tationere apa, mayi," anatero. "Tilowe, kapena tizingolipira tokha tikadwala?"

Dinala anatenga pensulo. Banja lonse likalowa, ndiye K10 pamwezi, K120 pachaka. Chonsecho chaka chapitacho anali atalipira K38 yokha kuchipatala.

"Ndiye kutaya ndalamatu kumeneko," anatero a Enelesi. "K10 ndi sopo, mchere, shuga ndi palafini wa mwezi wathunthu. Tiziperekera anthu athanzi?"

"Nanga chaka chija munabereka Lusiya ndi mpeni?" anafunsa a Chiutula. "K95 tsiku limodzi. Wailesi yanga inapita. Makina anu osokera anapita. Mwaiwala kale?"

A Enelesi sanaiwale. Malo amene pankakhala makinawo anali akuonekabe pasimenti.

Panalinso vuto lina. A Chiutula anali ndi mlongo wawo, a Dorika, amene mwamuna wawo anapita ku Joni osabwerera, n'kuwasiyira ana atatu. Kunyanja kuno mwana akadwala amathamangira kwa malume ake. Koma fomuyo sinkadziwa za malume. Inkangofuna ana obereka wekha.

Dinala anayang'ana chitsanzo cha khadi chimene chinabwera ndi fomu. Analitembenuza kawiri.

"Ababa, pakhadipa palibe chithunzi. Pali dzina ndi chaka chobadwa basi. Bwanji tilembe mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi? Mnyamata aliyense akadwala, ndi Howard. Mtsikana aliyense akadwala, ndi Keti. Lusiya akadali wa kusikelo, kumene salipiritsa. K7 pamwezi, ana athu ndi a azakhali omwe."

A Chiutula anadzimenya pabondo.

"Uyu adzakhala nduna ya zachuma," anatero, koma motsitsa mawu, atasuzumira kaye pazenera. Tsiku limenelo anamugulira Fanta.

Kuyambira pamenepo Keti wa m'fayilo ya kuchipatala anadwala malungo kasanu ndi kanayi. Howard wa m'fayilo anadwala likodzo kanayi, anathyoka mkono, anabayidwa ndi mbedza kuphazi.

Chachikulu chinachitika mu Malichi chaka chatha, Dinala ali kusukulu. Andreya, mwana wa a Dorika, anadwala m'mimba mwakayakaya n'kuchitidwa opaleshoni pa dzina la Howard. Ikanakhala ya m'thumba ikanadya K140. Sikimu inalipira yonse. Andreya anabwerera kwawo ndi chipsera kumunsi kwa mimba, chakumanja, ndipo ankachionetsa kwa anzake pagombe akamugawira chimanga chowotcha.

Palibe amene anafunsa chimene madokotala anachotsa. A Dorika anangoti mwana amutsuka m'mimba.

3. Chenjezo la ababa

M'mawa wa Lachinayi uja a Chiutula anali atavala kale ovololo yawo. Anaima pakhomo, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwereranso m'nyumba.

"Amake Dinala, ndi iwe Dinala, mundimvetsetse. Fayilo ija ikunena kuti Howard ali ndi chipsera. Uyu alibe. Malaya asavule. Mumumange nsalu m'chiuno, munene kuti akumva kuzizira. Dokotala akafuna kugwira, agwire pamwamba pa nsalu. Paja pamakhala anthu ambirimbiri, sapeza nthawi yovula munthu.

"Mukumukumbukira Bonface, amene ankayendetsa boti lalikulu lija? Anabwereketsa khadi kwa mlamu wake. Kukazula dzino, dzino limodzi. Lolemba anamuitana ku ofesi. Lachitatu katundu wake anali panja pa nyumba ya kampani, mvula ikugwa. Zaka khumi ndi zinayi za ntchito zinathera pomwepo. Lero akukoka khoka la eni ake ku Chembe, malipiro ake ndi nsomba za m'mbale. Ana ake onse anasiya sukulu.

"Ife mlandu wathu si dzino. Ndi opaleshoni, ndi mkono, ndi malungo osawerengeka. Akadziwa atilipiritsa zonse kuyambira tsiku loyamba. Nyumba ino si yathu. Fizi yako, Dinala, imachokera m'mainjini omwe aja. Ndiponso masiku ano munthu akakulembera kalata yoti ndiwe wakuba, sudziwa kumene kalatayo ikathere. Choncho pakamwa potseka. Mwamva?"

"Tamva, ababa."

A Chiutula anagwada n'kugwira mwana wawo pachipumi.

"Ndi njoka za m'mimba izi, bambo. Akakupatsa mankhwala, madzulo udzadya mutu wako uja. Palibe amene augwire."

Anatenga chipewa chawo n'kutsikira kudoko.

4. Adokotala awerenga fayilo

Anakwera matola a galimoto yonyamula madengu a usipa wouma. Pasiteji anyamata a chipani a malaya ofiira anaona makhadi a chipani a aliyense, ngakhale la Howard amene sankatha kuimirira. Galimoto itapatuka pamsewu waukulu n'kulowa wafumbi wopita ku mishoni, dzenje lililonse linkamuliza mnyamatayo.

Anafika cha m'ma naini koloko. Kalaliki wa pazenera, a Jenkins, ataona khadi lobiriwira anamwetulira.

"Howard Chiutula! Kasitomala wathu wamkulu. Lero watibweretsera chiyani?" Anatulutsa fayilo yonenepa ngati ya nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu. "Mayi, mwana ameneyu mukamupempherere. Ine ndakalamba chonchi fayilo yanga siifika theka la iyi."

A Enelesi anaseka pang'ono. Anakonza nsalu imene inali m'chiuno mwa Howard.

Anawaitana itadutsa leveni koloko. Adokotala anali bambo wachinyamata, maso ofiira ndi kutopa. Patebulo pawo panali kapu ya tiyi amene anali atazizira osamwedwa.

"Kunayambira pati kupweteka?"

"Pamchombo," anatero Howard. "Kenako kunatsikira apa."

Adokotala anadinikiza pamwamba pa nsalu, kumunsi chakumanja, kenako n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi. Howard anakuwa mpaka anthu a pamzere anasuzumira pakhomo.

Nkhope ya adokotala inasintha.

"Tamasulani nsaluyi."

"Akumva kuzizira, adokotala," anatero a Enelesi. "Akunjenjemera chiyambire dzulo."

Adokotala anali akutsegula fayilo ndi dzanja linalo. Anatembenuza mapepala angapo, anaima pa limodzi, n'kupuma mpweya wautali.

"Aa, iyayi, musiyeni. Ndinayamba kuopa kuti ndi apendikisi, kathumbo kaja kamene kamatupa n'kuphulikira m'mimba. Zizindikiro zake ndi zomwezi. Koma apa alemba kuti tinakachotsa kale mu Malichi chaka chatha. Munthu amakhala nako kamodzi kokha, sikaphukanso. Ndiye mwina ndi njoka, kapena wadya china choipa. Katengeni mankhwala awa. Akapanda kusintha mubwere naye Lolemba. Wotsatira!"

Dinala anatsala chiimire. Kathumbo kameneko ankakadziwa. Anakajambulapo m'kope la bayoloje, n'kukalozera ndi muvi, aphunzitsi n'kumupatsa malikisi asanu ndi atatu pa khumi.

"Tiye, iwe," amayi ake anamukoka mkono. "Ukutsekera anzako njira."

5. Pansi pa mtengo wa bwemba

Analandira mapiritsi m'kaenvulopu. Anamugoneka Howard pamthunzi wa mtengo wa bwemba, pafupi ndi geti.

"Zatheka," ananong'ona a Enelesi. "Sanaone."

"Amayi, mwamva zimene anena adokotala?"

"Ndamva. Njoka. Abambo ako ananena kale."

"Ati akanati ndi apendikisi, koma anachotsa kale. Anachotsa ka Andreya, amayi. Ka Howard kali momwemo."

A Enelesi anayang'ana Dinala. Anayang'ana mwana amene anagona pansi.

"Mayo ine," anatero, mawu osamveka bwino. "Chimene anamuchotsa Andreya n'chimenecho?"

"N'chimenecho."

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti ankathamangitsa ntchentche ndi kanthambi.

"Tipita naye ku chipatala cha boma," anatero a Enelesi. "Kumeneko n'kwaulere, ndipo satidziwa."

"Matola obwerera kumsewu waukulu anyamuka folo koloko. Kuchoka apo tidikirenso basi. Tikafika liti? Mwamuona mmene amalirira pa maenje aja?"

"Ndiye tilowenso pamzere. Tinene kuti ndi Andreya, tilipira tokha."

"Kwa adokotala omwewo? Ndi nsalu yomweyi? Nanga muli ndi zingati?"

A Enelesi anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo. Munali K6 ndi matambala makumi anayi. Anamanganso mfundoyo mwamphamvu kuposa poyamba.

"Iwe, ukufuna tikagone kuti? Unawamva abambo ako. Ukufuna Keti ndi Lusiya akakhale pansi pa mtengo ngati ana a Bonface? Sukulu yakoyo uiiwale. Ndiponso nzeru zimenezi anabweretsa ndani m'nyumba mwanga?"

"Ndine, amayi."

"Ndiye khala chete."

Howard anatsegula maso.

"Achemwali, kwasiya kupweteka."

A Enelesi anawomba m'manja.

"Wamva? Kwasiya! Mulungu watimvera. Ndi njoka basi, zagona. Dzuka, bambo, umwe mapiritsi tizipita."

Dinala anagwada. Milomo ya Howard inali itatuwa, thukuta lili ndondondo pamphuno. Analowetsa dzanja kunsi kwa nsalu. Khungu linali lotentha ngati mchenga wa masana, ndipo mimba inali gwa, ngati thabwa la boti.

Sanafunsenso munthu. Anatembenuka, anamukokera Howard kumsana n'kumubereka.

"Dinala!" Amayi ake sankafuna kukuwa pamaso pa anthu. "Dinala, ndati bwerera. Dinala!"

Mtsikanayo analunjika kukhonde. Atafika pamasitepe anamva mapazi kumbuyo kwake. Amayi ake ankabwera, kaenvulopu kali m'manja.

6. Palibe chipsera

Anthu a pamzere sanakondwere.

"Iwe mtsikana, mzerewu sukuuona?"

"Ife tabwera kusanache. Kapena ndiwe mwana wa bishopu?"

Dinala anakankha chitseko osagogoda. Adokotala anali akumvetsera chifuwa cha agogo ena amene anavula malaya. Dinala anamutsitsira Howard pabedi, anamasula nsalu ija, n'kukweza malaya mpaka m'khwapa.

"Adokotala, taonani."

"Uyu ndamuona kale. Kodi simunamve kuti Lolemba?"

"Simunamuone. Taonani pamimbapa."

Adokotala anayandikira, atakwiya. Anayang'ana kumunsi chakumanja. Panali posalala, popanda ngakhale kachipsera ka mphere. Anapita patebulo, anafukula fayilo ija pamulu, anawerenga, n'kubwereranso pabedi. Anapititsa chala pamene pankayenera kukhala mzere wa ulusi.

"Uyu ndani?"

"Howard Chiutula."

"Nanga amene tinamuchita opaleshoni?"

"Andreya, msuweni wake. Anabwera ndi khadi lomweli."

Agogo aja anaiwala kuvala malaya. A Enelesi anali ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa.

"Mulungu wanga," anatero adokotala. "Ndimamutumiza kunyumba. Ndamuuza kuti Lolemba." Anagwira mimba ija kamodzi kokha n'kuthamangira kukhomo. "Sisita! Machira, msanga! Wina akaitane adokotala aakulu, awauze kuti asamalize kudya."

Anatembenukira kwa Dinala, fayilo ili m'manja.

"Anathyoka mkono ndani?"

"Basil, mng'ono wake wa Andreya."

"Mtundu wa magazi walembedwa apawu ndi wa ndani?"

Dinala anatsegula pakamwa. Anayang'ana amayi ake.

"Sindikudziwa."

Adokotala anaiponya fayiloyo pansi pa tebulo.

"Muyezeni magazi mwatsopano. Za m'menemu musakhulupirire ngakhale chimodzi."

Anamunyamula Howard pa machira. Akudutsa pakhomo anatambasula dzanja n'kugwira diresi la Dinala.

"Achemwali, ababa akwiya?"

"Iwe usaganize zimenezo."

Anamwino anachotsa zala zake pa diresilo chimodzichimodzi, n'kupita naye.

7. Mawu a Sisita Matilda

Anawakhazika pabenchi, kunja kwa chipinda cha opaleshoni. A Enelesi anapinda nsalu ija n'kuiika pamiyendo. Ankangoisalaza.

Patapita nthawi kunabwera Sisita Matilda, namwino wamkulu, mayi wa imvi amene anagwira ntchito pachipatalapo zaka makumi atatu. Anakhala pakati pawo n'kuvula nsapato imodzi kuti phazi lipume.

"Amayi, sindinabwere kudzakukalipirani. Inenso ndinaleredwa ndi malume. Amene analemba malamulo a sikimuyi sadziwa kuti kuno mwana wa mlongo wako ndi mwana wako. Ndipo K1.50 si ndalama yochepa kwa munthu amene amagula ufa. Zonsezo ndikuzidziwa.

"Koma inu fayilo munaiona ngati risiti, pepala la ndalama. Fayilo ndi thupi la mwana. Dokotala amaona anthu zana patsiku, sangakumbukire mimba ya aliyense. Fayilo ndiyo imamukumbukirira. Mukaikamo anyamata atatu, dokotala akuchiza mwana amene kulibe, mwana wa mkono wa uyu, mimba ya uyu, magazi a uyo. Magazi amene alembedwa muja ndi a Andreya. Tayeza, a mwana wanuyu ndi ena. Tikanamupatsa a m'fayilo, bwenzi pano tikukamba zina pabenchi pano.

"Mumati mukunamiza kampani. Kampani sidwala m'mimba, amayi. Amene munamunamiza ndi munthu yekhayo amene akanamupulumutsa mwana wanu.

"Sikimu imawawa mwezi uliwonse, pang'onopang'ono, ngakhale palibe wodwala. Kulipira wekha kumawawa tsiku limodzi, koma tsiku limenelo limatha kukutengera zonse za m'nyumba. Ndaona onse awiri pakhonde lino. Ena amasankha sikimu n'kumadandaula pa malipiro aliwonse. Ena amasunga kangachepe m'chitini n'kumapemphera kuti chisabwere chachikulu. Aliyense amapirira kuwawa kwa chimene wasankha. Inu munafuna kuthawa zonse ziwiri, ndiye zakupezani tsiku limodzi."

A Enelesi sanatukule mutu.

"Anawerengera masamuwo ndine," anatero Dinala.

Sisita Matilda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Masamu ako anali olondola, mwanawe. Kungoti unawerengera makwacha okha." Anavala nsapato ija. "Wabweranso naye ndiwe?"

"Eya."

"Chabwino."

Anaimirira n'kulowa m'kati.

Kenako kunabwera a Jenkins, kalaliki uja. Nthabwala zinali zitawathera. Ananyamula pepala loyera ndi bolopeni.

"Khadi ndaligwira. Lamulo likuti ndilembere kampani, ndipo ndikapanda kulemba wochotsedwa ntchito ndine. Mundikhululukire, mayi." Anapereka pepalalo kwa Dinala. "Ulembe mwana aliyense amene anabwera ndi khadi limeneli, ndi matenda ake, kuti tigawe mafayilo. Ndi ya Keti yomwe. Usasiye ngakhale mmodzi."

"Zikwana zingati?" anafunsa Dinala.

"Ya lero ndi K160. Ya Andreya K140. Zinazo sindinaphatikize, koma zonse pamodzi zidutsa K400."

Dinala sanafune pensulo. Anali malipiro a abambo ake a miyezi isanu, ngati akanakhalabe ndi malipiro.

Anaika pepala pabondo n'kuyamba kulemba. Dzina loyamba analemba lake.

8. Mutu wa kampango

Itadutsa folo koloko chitseko chinatseguka. Adokotala aakulu anatuluka akuvula kansalu ka pakamwa.

"Amayi a mwana ndinu? Kathumbo kanali katangophulika. N'chifukwa chake ululu unachepa, zimatero ndithu, munthu amayesa wachira. Tatsuka m'mimba monse. Akhala kuno masiku khumi, koma achira. Mukanapita naye kunyumba sakanafika Loweruka."

A Enelesi anatsetsereka pabenchi n'kukhala pasimenti. Kaenvulopu kanang'ambika, mapiritsi a njoka n'kumwazikira pakhonde ponse. Palibe amene anawatola.

Dzuwa litangolowa, njinga inaima pageti. A Chiutula anatsika, ovololo ili ndi mafuta mpaka m'zigongono. Woyendetsa matola uja anali atawauza kudoko kuti mwana amugoneka. Anabwereka njinga, anadzera kunyumba, ndipo pakaliyala anamangapo kampoto kokulungidwa m'kansalu.

Anakwera masitepe awiriawiri, kampoto kali m'manja.

"Ali bwanji?"

"Amuchita opaleshoni," anatero a Enelesi. "Ati achira."

A Chiutula anavula chipewa. Anatsamira khoma, anatseka maso, milomo ikuyenda yokha. Atatsegula maso anali akumwetulira.

"Mulungu ndi wamkulu. Mwaona ubwino wa khadi lija, amake Dinala? Inu mumati n'kutaya ndalama. Opaleshoni ziwiri! Bwenzi pano tikugulitsa chiyani?" Anakweza kampoto. "Ndamutengera mutu wake uja. Kaya amulola."

A Enelesi anayang'ana kumbali.

A Chiutula anayang'ana akazi awo, kenako mwana wawo. Maso awo anatsikira pa nsalu yopindidwa imene inali pamiyendo ya a Enelesi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kuzenera la kalaliki. Patebulo panali kalata yotayipa, ndipo pakona yake, lobayidwa ndi phini, panali khadi lobiriwira.

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"Nsalu imeneyo inali m'chiuno mwa mwana," anatero. "Wamuvula ndani?"

"Ndi adokotala amene..." anayamba a Enelesi.

Dinala anaimirira. Pepala la maina asanu ndi limodzi linali m'dzanja lake, ndipo sanalibise.

"Ndine, ababa."

A Chiutula anaika kampoto pabenchi mosamala, ngati kangasweke. Anapukuta manja pa ovololo. Asanatulutse liwu, zenera la kalaliki linatseguka.

"A Chiutula, musanakaone mwana, talowani kaye muno," anatero a Jenkins. "Kalatayi inyamuka ndi galimoto ya mawa m'mawa. Pangotsala poti musayine inu."